MBIRA ZOWETA ZIFUNA MSIPU, KOMA MUZITULUTSE MWANZERU

M'midzi yambiri ya kuno kum'mawa muli mabanja amene aweta mbira. Ena aziweta cifukwa ca ndiwo, ena cifukwa ca manyowa a kudimba, koma ambiri aziweta cifukwa ana azikonda, pakuti mbira ndi kanyama kofatsa, kosaluma wamba, ndiponso kosadya ndalama. Kawiri-kawiri mbirazi zikhala m'nyumba yophikira kuseri kwa mafuwa, kapena m'kakhola ka njerwa kamdima, ndipo zina zibadwa ndi kufa osapondako pa udzu ngakhale tsiku limodzi. Cakudya cao ndi gaga ndi mkute wa nsima basi.

Tsono eni ace adabwa poona mbira zao zikuonda, zikutsimphina, ndi kubala ana akufa. Ena, atamva kuti udzu ndi wabwino, angozitaya pabwalo dzuwa liri paliwombo, iwo napita kumunda. Pobwera apeza ina yatengedwa ndi kabawi, ina yafa ndi kutentha, ndipo mwana mwini mbirazo ali misozi cucucu. Njira zonse ziwirizi ziononga ciweto. Pano tifuna kulongosola cifukwa cace mbira iyenera kutuluka kukadya msipu, ndi macitidwe ace kuti ibwerere m'khola iri yamoyo ndi yamphamvu.

KWAO KWA MBIRA

Poyamba tisiyanitse mbira ziwiri. Iripo mbira ya m'mapiri, ija iothera dzuwa pamiyala ndi kuthawira m'mapanga. Imeneyo ndi nyama ya kuno ku Afrika, ndipo siiri pa cibale ndi iyi tiweta, ngakhale dzina ndi limodzi. Mbira yoweta kwao ndi ku South America, m'mapiri a Andes, m'maiko a Peru, Bolivia ndi Ecuador. Anthu a kumeneko anayamba kuiweta zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo kufikira lero aiweta m'nyumba zao monga ife ticitira ndi nkhuku. M'zaka za m'ma 1500 amalonda a pa zombo anaitengera ku Ulaya, kumene anthu olemera anaisunga monga coseweretsa. Pambuyo pace inafika ku Afrika, ndipo lero iwetedwa ku Congo, ku Cameroon, ku Tanzania, ku Malawi ndi kuno kwathu.

Abale ace a m'chire akali kukhala ku South America m'malo a udzu. Ayenda m'timagulu, adya makamaka m'mamawa ndi madzulo, ndipo dzuwa likakula abisala m'udzu wowirira kapena m'mauna okumbidwa ndi nyama zina. Mbira ya m'khola mwanu sinaiwale makhalidwe amenewa. Ifuna udzu, ifuna anzace, ifuna pobisala, ndipo iopa dzuwa lamphamvu. Malangizo onse otsatawa acokera pa zinthu zinaizi.

CIFUKWA CACE MSIPU UFUNIKA

Cifukwa coyamba ndi cakudya cina ca thupi cimene madokotala acicha vitamini C. Ng'ombe, mbuzi, galu, kalulu ndi nkhuku zidzipangira zokha vitamini ameneyu m'thupi mwao. Koma munthu, nyani ndi mbira alibe mphamvu imeneyi. Ayenera kumpeza m'zakudya, ndipo thupi silimsunga nthawi yaitali. Mbira yaikulu ifuna mamiligalamu 10 kufikira 30 pa tsiku, ndipo yapakati kapena yoyamwitsa ifuna oposa pamenepo. Vitamini C apezeka m'udzu wauwisi, m'masamba ndi m'zipatso. M'gaga ndi m'nsima mulibe, ndipo kuphika ndi kuumitsa kumuononga.

Mbira ikasowa vitamini ameneyu kwa milungu iwiri kapena itatu, iyamba kudwala. Ubweya unyankhalala, mfundo za miyendo zitupa, iyenda motsimphina, ilira mukaigwira, nkhama zituluka magazi, ndipo zilonda sizipola. Nthenda yomweyi inapha amalinyero ambiri kale, pamene anali kukhala miyezi pa nyanja osadya zamasamba. M'caka ca 1907 madokotala awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anadyetsa mbira mbeu zouma ndi buledi zokha, ndipo mbirazo zinadwala nthenda ya amalinyero ija; zimene anazipatsako kabichi wamuwisi kapena madzi a mandimu sizinadwale. Kotero kanyama aka kanathandiza anthu kudziwa gwero la nthendayo. Munthu amene adyetsa mbira zace gaga yekha abwereza zimene anacita madokotala aja, ndipo zotsatira zace zidzakhala zomwezo.

Cifukwa caciwiri ndi mano. Mbira iri ndi mano 20, anai akutsogolo ndi 16 akumbuyo, ndipo onsewo akula kosaleka moyo wace wonse. Udzu ndi wokhakhala, ndipo pouphwanya tsiku lonse manowo apereseka. Cakudya cofewa sicipera mano ai. Akatalika, akumbuyo a m'munsi apindikira pamwamba pa lilime, ndipo mbira ilephera kumeza. Muiona cibwano ciri conyowa ndi dovu, iri kuonda cakudya ciri pamaso pace.

Cifukwa cacitatu ndi m'mimba. Matumbo a mbira afuna kugwira nchito usana ndi usiku, ndipo cimene ciwayendetsa ndi udzu. Dziwaninso kuti mbira siitha kusanza. Cimene yameza cameza, cabwino kapena coipa. Mukaiona ikudya zitosi zace zofewa musaimenye, pakuti ndi cibadwa cace, ndipo m'menemo ipezamo zakudya zina zofunika.

Potsiriza, kutuluka kupatsa mbira mpata wothamanga ndi kupuma mpweya wabwino. Utsi wa pa mafuwa ndi pfungo la mkodzo m'khola lotsekeka zibweretsa cifuwa ndi cibayo. Pansi ponyowa patupitsa mapazi. Mbira imene iyenda pa udzu sinenepa mopitirira, ndipo zikhadabo zace sizitalika msanga. Mukaona tiana tikudumpha-dumpha ndi kupotokola thupi monga cimanga cokazinga m'phale, musaope kuti tagwidwa ndi khunyu. Ndiko kukondwa kwace.

KAMANGIDWE KA KHOLA LONYAMULA

Musaleke mbira kuyenda yokha pabwalo monga nkhuku. Mangani khola lopepuka, lopanda pansi, limene anthu awiri angathe kulinyamula. Mbira ziwiri kapena zitatu zikwanira m'khola la mamita 2 m'litali, mita 1 m'lifupi, ndi masentimita 40 msinkhu wace. Nsungwi, timitengo towongoka kapena matabwa otsala zikwanira. Musagwiritse nchito matabwa opakidwa utoto kapena mafuta akuda a galimoto oletsa ciswe, pakuti mbira iteketa mtengo uli wonse umene iufikira.

M'mbali ikani waya wa maso ang'ono-ang'ono, oti mutu wa khoswe kapena wa kamwana ka mbira sungalowe. Ngati waya mulibe, lukani nsungwi kapena bango mothithikana. Mbira siikwera kapena kukumba monga kalulu, cifukwa cace mpanda waufupi uikwanira. Koma cibvundikiro ca pamwamba cifunika ndithu, osati kuletsa mbira kutuluka, koma kuletsa adani kulowa. Theka la pamwambapo mulifolere ndi udzu kapena mphasa yakale kuti pakhale mthunzi. Lata siliyenera, cifukwa dzuwa likaliomba pansi pace pasanduka ng'anjo. Masikito a udzudzu nawonso sayenera: galu awang'amba mosabvuta, ndipo ali ndi mankhwala amene mbira ingadye poteketa. Malo ace a masikito ndi pogona panu.

Pansi musaikepo waya, pakuti ucekaceka mapazi, ndipo mwendo ukakodwa uthyoka. Mukaika khola pa udzu, likhomereni ndi zikhomo m'ngondya zonse, ndipo pamene pali mpata pakati pa mtengo ndi nthaka mutsekepo ndi mwala kapena njerwa.

M'katimo ikani pobisala. Mbiya yosweka, cipika ca mphako, kapena kabokosi koboola makomo awiri zicita bwino. Mbira iri yonse ikhale ndi pace, cifukwa yamphamvu ikakhala pakhomo yofooka itsala panja. Mbira imene iribe pothawira siidya. Ingoti duu pangondya ndi mantha. Ikaninso madzi m'kambale kadothi kolemera kosagubuduzika, ndi kamtolo ka udzu wouma. Ena anena kuti mbira siimwa madzi. Zimenezo si zoona ai. Ikadya zauwisi zambiri imwa pang'ono, koma madzi asasowe.

KUSANKHA MALO

Udzu woposa wonse ndi kapinga, ndi udzu wina waufupi wa pabwalo umene uli wauwisi ndi woyera. Zomera zina za m'munda zimene ife tidya monga ndiwo, mbira nazonso zizikonda: cisoso, mwamuna-aligone, ndi bonongwe pang'ono. Khovani nayenso ndi wabwino.

Ngozi yaikulu masiku ano ndi mankhwala. Thonje lipoperedwa kangapo pa caka. Kuyambira m'caka ca 2016, pamene mbozi zija zoononga cimanga zinalowa m'dziko lino, alimi ambiri apoperanso cimanga. Enanso apha udzu ndi mankhwala m'malo mwa kupalira. Kanyama kosafika makilogalamu awiri sikafuna mankhwala ambiri kuti kafe. Cifukwa cace musaike khola m'mphepete mwa munda wopoperedwa, pafupi ndi dibi la ng'ombe, pamene patsukidwa mipope yopoperera, pamene pamwazika feteleza, kapena pamene paikidwa mankhwala a makoswe. Tsiku limene mnansi wanu apopera ndipo mphepo iomba kudza kwanu, mbira zikhale m'nyumba. Nzeru yabwino ndi kupatula kamalo pafupi ndi nyumba, kubzalapo kapinga, ndi kupangana banja lonse kuti pamenepo sipafika mankhwala.

Pewaninso pa dzala, m'mphepete mwa mseu, pamene patayidwa madzi a sopo, ndi pamene nkhuku, abakha, agalu ndi makoswe acita cimbudzi. Zitosi za mbalame ndi makoswe zinyamula tizirombo timene titsegula mbira m'mimba ndi kuipha.

Musanaike khola, gwadani ndi kuyang'ana comera ciri conse ca pamalopo. Izi ndi zakupha kapena zodwalitsa: nsatsi, makamaka njere zace, lantana, nkhadze, ombwe, fodya, masamba a matimati, masamba ndi mphukira za mbatata ya kacewere, cigwada caciwisi, anyezi, masamba a kotapela, maluwa a oleander, bowa wa mtundu uli wonse, ndi mapira ophukiranso atadulidwa. Musasokoneze mbatata ziwirizi: kholowa, masamba a mbatata yathu yotsekemera, ndi cakudya cabwino kwambiri ca mbira, koma masamba a kacewere ali ndi ululu. Anthu ena ati nyama idziwa yokha cimene ciri coipa. Nyama ya m'chire isankhadi, pakuti iri ndi dambo lonse. Koma yotsekeredwa m'khola idya cimene ciri pafupi ndi pakamwa pace. Comera cimene simucidziwa, cizuleni.

YAMBANI PANG'ONO-PANG'ONO

Mlimi ali yense adziwa zimene zicitika ng'ombe kapena mbuzi zikakhuta msipu wanthete wa mvula yoyamba: mimba itupa. Mbira nayonso iri cimodzi-modzi. M'matumbo mwace muli tizirombo tabwino togaya cakudya, ndipo timeneti tifuna masiku kuti tizolowere cakudya catsopano. Mbira imene yakhala pa gaga ndi zouma, mukaileka pa msipu tsiku lonse, ingathe kufa usiku womwewo.

Tsiku loyamba ikhale panja mphindi 10 kapena 15 zokha, ndipo ituluke itadyako kale udzu wouma, osati ndi njala. M'mawa mwace yang'anani zitosi. Zikakhala zouma ndi zazitali monga mwa masiku onse, onjezani mphindi zina. Citani cotero tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha pa milungu iwiri ingathe kukhala maora awiri kapena atatu. Ikakhala masiku ambiri osatuluka, kapena mvula yoyamba ikagwa ndi kuphukitsa msipu watsopano, yambaninso pa ciyambi. Walira mvula walira matope.

Zizindikiro za kutupidwa ndi izi: mimba ilimba monga ng'oma, mbira ikana cakudya, ikhala mofunyirira ikukuta mano, ndipo zitosi zicepa kapena zileka. Ikatsegula m'mimba, lekani zauwisi, muipatse udzu wouma ndi madzi. Mbira imene sinadye kanthu kuyambira m'mawa kufikira madzulo iri pangozi; musadikire mawa, pitani kwa Mlangizi wa Ziweto.

Cinanso, udzu womweta musauunjike. Mulu wa udzu wauwisi utentha m'kati ndi kuyamba kusasa, ndipo wotero utupitsa mimba msanga. Mwetani wokwanira kudya nthawi yomweyo, kapena muuyanike uume kweni-kweni.

DZUWA, MAME NDI MPHEPO

Dzuwa lipha mbira zambiri. Kwao ndi kumapiri kozizira, ndipo mbira siicita thukuta. Ikhala bwino kutentha kukakhala pa madigiri 18 kufikira 24. Kukapitirira 27 iyamba kubvutika, ndipo pa 30 ingathe kufa, makamaka yonenepa, yokalamba kapena yapakati. Tsono m'mwezi wa Okutobala kuno kumtunda kutentha kupitirira 30 masiku ambiri, ndipo m'cigwa ca Luangwa kufika ngakhale pa 40.

Cifukwa cace m'miyezi yotentha tulutsani mbira m'mamawa, ndipo zibwerere isanakwane 9 koloko. Madzulo zitulukenso dzuwa litapendeka, monga 4 koloko kapena 5 koloko. Ikani khola pansi pa mtengo wa mthunzi, monga mango. Koma kumbukirani kuti mthunzi uyenda. Pamene panali mthunzi pa 8 koloko, pa 11 koloko pangakhale dzuwa lokha-lokha. Gwirani nthaka ndi kuseri kwa dzanja. Ikakutenthani inu, mbira imene mimba yace iri pafupi ndi nthaka yapsa kale.

Mbira yogwidwa ndi dzuwa igona cammbali itatambalala, ipuma mofulumira, ndipo ituluka dovu. Ithamangitsireni pamthunzi pamene papita mphepo. Nyowetsani kansalu m'madzi a mumtsuko ndi kupukuta makutu, mapazi ndi ubweya wace, ndi kuikupiza. Musaimize m'madzi, ndiponso musaithire madzi m'kamwa iri cikomokere, ingatsamwe. Ikatsitsimuka muipatse madzi imwe yokha.

M'miyezi ya Juni ndi Julai bvuto ndi lina. Mphepo ya mwera ndi mame ozizira zibweretsa cibayo. Miyendo ya mbira ndi yaifupi, ndipo poyenda pa udzu wa mame mimba yonse inyowa. M'nyengo imeneyi dikirani mame aume, muzitulutse dzuwa litakwera, ndipo cingani mbali ya kumphepo ndi mphasa. M'dzinja mukaona mitambo yakuda, lowetsani msanga, ndipo musaike khola pa malo a lowe. Ndipo nyengo iri yonse, mbira isagone panja usiku.

ADANI A MBIRA

Adani ndi ambiri: kabawi ndi mphamba kumwamba, khwangwala amene atola tiana, galu, mphaka, bvumbwe, likongwe, njoka ndi makoswe. M'dzinja onjezanipo linthumbu, limene lingathe kutha khola lonse, pakuti mbira zotsekeredwa ziribe kothawira. Yang'anani mizere yace musanaike khola.

Galu woopsa koposa ndi wa pakhomo panu pomwe. Ngakhale alephere kulowa, kuuwa ndi kukanda kwace kucititsa mbira kuthamanga uku ndi uku mwa mantha, kudzigunda ku waya ndi kupondereza tiana. Yapakati ingathe kutaya. Mmangeni nthawi imene mbira ziri panja. Nkhuku zisalowe m'kholamo. Akalulu nawonso musawaphatikize ndi mbira: kalulu amenya ndi miyendo yakumbuyo, ndiponso anyamula kacirombo ka cifuwa kamene iye sikamdwalitsa kweni-kweni koma kapha mbira.

Khola lolimba silicotsa udindo wa munthu. Pakhale wina pafupi, mai akusenda nshawa pakhonde kapena agogo akuluka mphasa, woti amve mbira zikalira. Makolo athu asimba kuti mbira ya m'mapiri inasowa mcira cifukwa inatuma anzace kukaitengera, iyo iri kuothera dzuwa. Inunso mukatuma kamwana ka zaka zinai kuyang'anira mbira, anzace akakaitana ku masewera mudzasowa zoposa mcira.

Ina ikapulumuka m'khola musaithamangitse, pakuti ingolowa m'chire. Mbira siipita kutali. Ibisala pansi pa nkhokwe kapena pa mulu wa nkhuni. Mangani agalu, ikani mbiya yace ndi masamba pafupi, khalani cete, ndipo kulira kwa zinzace kudzaiitana.

ANA APHUNZIRE KAGWIRIDWE

Mbira zambiri zipweteka pa ulendo wocoka m'nyumba kupita pa udzu. Msana wace ndi wosalimba, ndipo ikagwa kucoka m'manja mwa munthu woimirira ingathe kuthyoka msana kapena mano. Musainyamule ndi makutu, mwendo kapena cikopa ca pakhosi. Dzanja limodzi lilowe pansi pa cifuwa, lina licirikize matako, ndipo muigunditse pa cifuwa canu. Koposa zonse, muinyamulire m'dengu loyalamo udzu wouma. Mwana wofuna kuifukata ayambe wakhala pansi. Yapakati imene yatsala pang'ono kubala musaisautse ndi maulendo. Muimwetere udzu idyere m'khola.

Mbira ya mantha siizolowera tsiku limodzi. Mwana akhale cete pambali pa khola ndi tsamba la kholowa m'manja, masiku angapo, ndipo idzabwera yokha. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pambuyo pa kugwira mbira kapena kusesa m'khola, ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, pakuti cipere ndi matenda ena a m'mimba angathe kucoka kwa mbira kupita kwa munthu.

ZAZIMUNA NDI ZAZIKAZI

Musaganize kuti pa udzu mbira zonse zingasakanizike. Yaikazi ingathe kutenga pakati iri ndi milungu inai kapena isanu yokha, ikali mwana, ndipo pamenepo ikula mopinimbira. Ikhala ndi pakati masiku 59 kufikira 72, nibala ana awiri, atatu kapena anai kawiri-kawiri. Anawo abadwa ndi ubweya, maso otseguka ndi mano, ndipo ayamba kulawa udzu m'masiku oyamba omwe. Mace angathe kutenganso pakati patangopita maora ocepa atabala. Cifukwa cace cotsani yaimuna asanabale kuti apumule. Tiana tatimuna mutipatule tikakwana milungu itatu. Dziwaninso kuti yaikazi imene ifika miyezi 7 kapena 8 isanabalepo ingathe kubvutika pobala koyamba, pakuti mafupa a m'ciuno alimba. Ngati simufuna kuti zicuruke, wetani zazikazi ziwiri, kapena zazimuna ziwiri zokulira pamodzi kutali ndi zazikazi. Koma imodzi yokha musawete, pakuti isungulumwa.

POBWERERA M'KHOLA

Werengani mbira potuluka, muziwerengenso polowa. Pozinyamula yang'anani thupi lonse: nkhupakupa m'makutu, njere za udzu m'maso, zilonda ku mapazi, ndi kumatako ngati kuli konyowa, pakuti pamenepo nchenche ziikira mazira ndipo mphutsi zidya nyama yamoyo. Kudzikanda kosaleka ndi kusosoka ubweya ndi cizindikiro ca nsabwe kapena mphere. Mbira yaikulu ilemera magalamu 700 kufikira 1,200. Dzanja limene liinyamula tsiku ndi tsiku lidziwa msanga ikayamba kupepuka.

Ikadwala musaipatse makapisozi a anthu kapena mankhwala a nkhuku. Penisilini ndi ena a mtundu wace apha tizirombo tabwino ta m'matumbo tija, ndipo mbira ifa ndi mankhwalawo m'malo mwa kucira. Safunsa anadya phula. Funsani Mlangizi wa Ziweto.

Khola lonyamula mulisunthe tsiku liri lonse, ndipo musabwerere pa malo akale kufikira udzu utameranso, monga milungu iwiri kapena itatu. Potero mbira zipeza udzu woyera masiku onse, kapinga sakutha, ndipo zitosi zotsala zinenepetsa nthaka.

UDZU UKAUMA

Kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, pabwalo pakhala pfumbi lokha, ndipo ndi nthawi imeneyi imene mbira zisowa vitamini uja. Konzekeranitu. M'miyezi ya Marici ndi Epulo mwetani udzu ukali wobiriwira, muuumitse bwino, ndi kuusunga pa thandala posafika cinyezi, pamodzi ndi masangwi a nshawa. Wa nkhungu muutaye. Udzu wouma usamalira mano ndi matumbo, koma vitamini C mulibe wokwanira. Cifukwa cace mbira iri yonse ilandire dzanja limodzi la zauwisi tsiku ndi tsiku. M'mphepete mwa dimba bzalani nsenjere ndi mbatata ya kholowa. Masamba a cimanga ca kudimba cosapopera, masamba a nthoci, repu pang'ono, ndi kacidutswa ka gwafa, amene ali ndi vitamini C wambiri, zonsezi zithandiza. Kabichi muzipatsa pang'ono cifukwa adzaza mpweya m'mimba. Ngakhale msipu palibe, zitulutseni m'mamawa pamthunzi zikaongole miyendo, mutaziikira udzu wao m'khola lonyamula.

KUMBUKIRANI IZI

1. Khola likhale ndi cibvundikiro, mthunzi, pobisala ndi madzi.
2. Pa malo opoperedwa mankhwala mbira isapondepo.
3. Zulani comera ciri conse cimene simucidziwa.
4. Yambani ndi mphindi 10 kapena 15, ndi kuonjeza pang'ono-pang'ono.
5. M'nyengo yotentha zituluke m'mamawa ndi madzulo; m'nyengo yozizira, mame atauma.
6. Munthu wamkulu akhale pafupi, galu ali womanga.
7. Dzuwa lisanalowe zonse zikhale m'nyumba.

Mbira yosamalidwa bwino ikhala zaka zisanu kufikira zisanu ndi ziwiri. Makolo, thandizani ana anu kumanga khola limeneli mlungu uno, ndi kuwaonetsa udzu wabwino ndi woipa. Mwana amene aphunzira lero kuwerenga mbira zitatu madzulo, kuzisunthira pamthunzi ndi kuzindikira yodwala, ndiye amene mawa mudzamsiyira mbuzi ndi ng'ombe zanu mtima uli pansi.